Njinga Yokana Lachinayi

Lachinayi pa 29 Januwale 2009, nthawi ya 9 koloko m'mawa, njinga yamoto ya Stella Likhucha inazima pa chikweza cha Nakhonyo, makilomita khumi ndi imodzi kuchokera kunyumba kwake ku Thuchila. Aka kanali kachitatu. Inazimanso pa 15 ndi pa 22, malo omwewo, pa mtengo wa mbawa umene uli pokhota msewu. Masiku onse atatuwo anali Lachinayi.

Stella ankapita ku Mvano. Mu Okutobala 2008 mpingo unamupatsa udindo woyang'anira amayi a nyumba ya mapemphero ya ku Nakhonyo, chakuphiri, ndipo Lachinayi lililonse ankakwera kumeneko atabereka mnzake, Sabina Nampinga, wotsogolera nyimbo. Kuzima kwa njingayo kunali kofanana nthawi zonse. Injini inkayamba kulemera, kenako kumveka ngati chitsulo chikukhulana ndi chinzake, kenako zii. Stella akaponda kiki yolizira injini, kikiyo sinkatsika. Akadikira pansi pa mbawa mphindi makumi atatu, kiki inkamasuka, njinga n'kuliranso ngati palibe chachitika. Koma pofika ku Nakhonyo ankapeza amayi atapemphera kale, ena akubwerera kuminda.

Njingayo inali ya 1967, yochokera ku Mangalande, ya silinda imodzi. Inalibe madzi oziziritsa injini ngati galimoto. Silinda yake inali ndi zipsepse zachitsulo kuzungulira, zoti mphepo izipitamo. Inafika ku esiteti ya tiyi ili m'bokosi, yoti woyang'anira minda aziyendera, ndipo amene anaitulutsa m'bokosimo n'kuimanga mawilo anali Bizwick Mukhiwa, bambo ake a Stella, panthawiyo ali makaniko wa zaka 24 ku galaja ya esiteti. Anaisamala zaka 31. Popuma ntchito mu 1998 a esiteti anawapatsa njingayo pamodzi ndi bokosi la masipanala. Mu 2004 bondo lawo lamanja linakana kiki. Anamuphunzitsa Stella kuyendetsa kwa miyezi iwiri pabwalo la mpira, n'kumupatsa makiyi ndi lamulo limodzi: "Njinga iyi usaipachike kanthu. Mmene ililimu ndi mmene anaiganizira."

Lachisanu pa 30 Januwale Stella anafika nayo ku Nkando kwa bambo akewo, atabereka mwamuna wake McDonald, amene ali ndi golosale pa Thuchila. Njinga inali yotsukidwa bwino, ikulira mosakayikitsa. A Mukhiwa anali pakhonde akunola khasu.

"Yazimanso, ababa," anatero Stella asanavule n'chipewa chomwe.

"Pati?"

"Pa mbawa pomwe paja."

"Nthawi yanji?"

"Naini itangokwana."

McDonald anakhala kumapeto kwa khonde, monga akhalira mkamwini. "Bambo, ine njingayi ndaizindikira," anatero. "Inabatizidwa kwawo ku Mangalande, ku Angilikani. Za Mvano sizikuikhudza. Lolemba imapita kumsika, Lachitatu kuchipatala, Loweruka kumaliro, osadandaula. Likangofika Lachinayi, yanyanyala."

A Mukhiwa anayesa khasu ndi chala.

"Koma nkhani tabwerera ndi ina," McDonald anapitiriza. "Lole ya ogula zitsulo zakale imaima pano pa Nkando Loweruka lomaliza la mwezi. Mawa ikubwera. Ine ndimati ikwere mawa lomwelo. Akunyumbawa akana."

"Ndakana za mawa," anatero Stella. "Koma ababa, amayi a ku Nakhonyo atumiza mawu kwa abusa kuti ngati ndatopa ndinene, atumizeko wina. Ine sindinatope. Ndikungofika anthu atatseka Mabaibulo. Ndati tiipatse mwezi umodzi. Ikazima Lachinayi lomaliza la Febuluwale, pa 26, Loweruka lake ikwere lole. Ndizilawirira pa kabaza ngati anzanga."

A Mukhiwa ankawadziwa anthu a loleyo. Anawaonapo akuphwanya makina osokera ndi nyundo kuti achepe malo asanawakweze.

"Njinga ndi yako," anatero. "Isiye pano mpaka Lachitatu."

Anayamba tsiku lomwelo. Anamasula pulagi yoyatsira moto m'injini n'kuiyang'ana padzuwa. Nsonga yake inali yoyera ngati phulusa, chizindikiro choti injini inatentha kupitirira muyezo. Anatsitsa oyilo kudzera m'kansalu koyera. Oyiloyo ankanunkha zopserera, ndipo pakansalupo panatsala tizidutswa tonyezimira. Apa anadziwa chimene chinkachitika pa mbawa: pisitoni, chitsulo chimene chimakwera ndi kutsika m'kati mwa silinda, inkatupa ndi moto mpaka kugwirana ndi silindayo, ikazizira n'kumasuka. Chimene sanadziwe n'chakuti motowo unkachokera kuti.

Anatsata zinthu mmene ankazitsatira ku galaja, chimodzi chimodzi, chilichonse n'kuchilemba m'kabuku ka njingayo ndi tsiku lake. Anathira oyilo watsopano, Stella n'kuiliza, iwo akusuzumira m'thanki ya oyilo kuona ngati akuzungulira. Ankazungulira. Anayesa nthawi imene pulagi imathethekera moto poika kapepala kopyapyala ka ndudu pakati pa mapoyinti, tizitsulo tiwiri todula magetsi, n'kumazunguza injini pang'onopang'ono mpaka kapepalako katamasuka. Kanamasuka pamalo pake. Anayesa mpata wa mavavu, tizitseko tolowetsa petulo ndi kutulutsa utsi. Anamasula kabureta, imene imasakaniza petulo ndi mphepo, kuitsuka, kukweza singano yake kamodzi kuti petulo azilowa wochulukirapo pang'ono. Anatenga sipoko ya njinga yakapalasa n'kukolokosa dothi lofiira m'zipsepse zonse, ngakhale linali lochepa. Anakayikiranso petulo wa m'mabotolo amene Stella ankagula m'mbali mwa msewu, woti ena amamusakaniza ndi palafini. Anadontheza pang'ono papepala. Anauma osasiya banga.

Lachiwiri pa 3 Febuluwale anamuuza Stella kuti awabereke mpaka ku Nakhonyo. Mvula inali itagwa dzulo lake ndipo msewu unali matope okhaokha. Njinga inadutsa pa mbawa osatsokomola. Pamwamba, a Mukhiwa anatsika n'kulavulira mutu wa injini. Malovu anachita thovu n'kuuma pang'onopang'ono.

"Ili bwino," anatero. "Akanadumpha ngati mafuta m'chiwaya, bwenzi tikukamba zina."

Anabwerera mathalauza a bambo ndi chitenje cha mwana zili zofiira mpaka m'mawondo.

Lachinayi pa 5 Febuluwale njinga inazima pa mbawa nthawi ya 9:05.

McDonald ananena kuti mwina vuto ndi Sabina, pakuti ndi mayi wathupi ndithu, ndipo a Mukhiwa ndi munthu wowonda. Sabina atamva anatumiza yankho loti McDonald akayambe wakwera yekha pa sikelo ya chimanga ya m'golosale mwake. A Mukhiwa sanaitenge ngati nthabwala. Loweruka pa 7 anawayeza onse awiri pa sikeloyo, ndipo McDonald anaposa Sabina ndi makilogalamu asanu ndi limodzi. Anamukweza kumbuyo kwa Stella. Njinga inakwera Nakhonyo ndi kubwerako, m'matope, osazima.

Sabata yotsatira mvula inadula masiku asanu. Lachinayi pa 12 Stella ndi Sabina anafika ku Nakhonyo pemphero loyamba lisanayambe. McDonald anabwera yekha ku Nkando ndi paketi ya shuga kudzanena kuti apongozi apambana. A Mukhiwa analandira shuga, koma m'kabuku analemba kuti: "12 Feb. Sinazime. Sindinakonze kanthu chiyambire pa 5." Njinga yochira yokha sankaikhulupirira.

Lachitatu pa 18 mvula inabwerera. Lachinayi pa 19 njinga inazima, ndipo ulendo uno kiki inatenga ola lathunthu isanamasuke. Amayi awiriwo anabwerera panjira.

Panatsala Lachinayi limodzi.

Lachisanu pa 20 a Mukhiwa anayala mphasa pansi pa mango n'kuyamba kumasula injini. Anachotsa thanki, paipi ya utsi, mutu, kenako silinda. Pisitoni inali yokalika mbali yakutsogolo, mizere itatu, umodzi wozama moti chikhadabo chinkakodwamo. Maringi, mphete zozungulira pisitoniyo, anali atafooka. Anaiika pansalu n'kukhala akuiyang'ana. Mbali yakutsogolo ndi imene imalandira mphepo yoyamba. Pa zaka 42 anali asanaonepo njingayi ikupsa mbali imeneyo choncho.

Anatenga paipi ya utsi kuti aipukute. Pamene imakhota potuluka m'mutu wa injini, chakunsi kosaoneka munthu ataima, chala chawo chinakhudza kanthu kolimba ngati nkhanambo ya bala. Anakatokosa ndi mpeni. Kanali kakuda, koma atakatembenuza anaona timizere tolukana, ina yopita uku, ina yodutsa. Anakayatsa ndi machesi. Kanapindika n'kununkha pulasitiki.

Anadzuka n'kupita pa njinga. Kutsogolo kwa injini kunali chitsulo chopindika, chotuluka mbali zonse ziwiri, chotchinjiriza miyendo njinga ikagwa. Anachisisita ndi dzanja. Pamalo anayi, awiri pamwamba ndi awiri pansi, penti inali itanyulika mozungulira, ngati pamene pamamangidwa chingwe kawirikawiri. Analowa m'nyumba, natenga thumba la feteleza lopanda kanthu, nadula kachidutswa, nakakanikiza pa sipanala imene anaiotcha pa mbaula. Kachidutswako kanasungunuka n'kusiya nkhanambo yofanana ndendende ndi ya pa paipi.

Anatsegula kabuku n'kuwerenganso masiku. Pa 15, 22 ndi 29 Januwale, pa 5 ndi 19 Febuluwale: Lachinayi, matope. Pa 3 ndi 7 Febuluwale: matope, koma osati Lachinayi. Pa 12: Lachinayi, koma kouma.

Loweruka pa 21 anakwera minibasi kupita ku Thuchila. Anapeza Stella ndi Sabina akusankha nyemba pakhonde. Atalonjerana, a Mukhiwa anapempha tiyi. Stella atalowa m'nyumba, iwo anatulutsa kankhanambo ka pa paipi kaja m'bokosi la machesi n'kukaika pa lichero la Sabina.

"Mayi Nampinga, thumba lija mumalisunga kuti?"

Sabina anayang'ana kankhanamboko, kenako chitseko. "Thumba liti, bambo Mukhiwa?"

"La feteleza. La zingwe zinayi."

Sabina anasankha nyemba ziwiri zabwinobwino n'kuziponya kwa nkhuku. "Stella," anaitana. "Tuluka kuno, mlandu wako wafika."

"Wanga?" anatero Stella ali pakhomo ndi kapu m'manja. "Nzeru zinali zako."

Nkhani yake inali iyi. Lachinayi pa 8 Januwale mvula inagwa yambiri. Amayi awiriwo anavala yunifomu ya Mvano, bulauzi yoyera, duku loyera, nsapato zansalu zoyera, ndipo wilo lakutsogolo linawamwaza matope njira yonse. Anafika ku Nakhonyo ali ofiira mpaka pachifuwa. Mayi wina wachikulire anawafunsa pamaso pa onse ngati abwera kudzalalikira kapena kudzaumba njerwa. Dothi la kuno likalowa m'nsalu yoyera silituluka, ndipo bulauzi ya Stella inasanduka yopitira kudimba. Sabata yotsatira Sabina anabwera ndi thumba atalisokerera zingwe m'makona. Ankalimanga pa chitsulo chotchinjiriza miyendo, kuchokera mbali iyi mpaka mbali inayo, kutchinga kutsogolo konse. Matope ankathera pathumba.

"Mumamangira kuti?" anafunsa a Mukhiwa.

"Kuseri kwa chigayo, kumapeto kwa msika," anatero Stella. "Kuti anthu asakuuzeni. Munati ndisaipachike kanthu."

"Ndipo mumamasulira kuti?"

"Tikatsala pang'ono kufika kutchalitchi. Silioneka bwino."

"Pa 12 munamanga?"

"Kunalibe matope."

A Mukhiwa anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene nati yake yalowa bwino.

"Koma ababa," anatero Stella, "thumba ndi injini zikugwirizana pati? Ife injini sitinaikhudze. Mawaya sitinawakhudze. Thumba lili panja."

A Mukhiwa analandira kapu ya tiyi, natenga sosala n'kuivundikira pamwamba pa kapuyo. Anaiika pansi.

"Ndikufuna tiyi ameneyu azizire msanga," anatero. "Ndachita bwino?"

Amayi awiriwo anayang'ana kapu.

"Injini iyi ilibe madzi. Imamwa mphepo. Zipsepse zija ntchito yake ndi imeneyo. Pamalo osalala mumathamanga, mphepo ina imazembera m'mbali, imapirira. Pachikweza muli pa giya yoyamba, anthu awiri, injini ikugwira ntchito yonse, inu mwaitseka pakamwa. Imafika pa mbawa n'kukomoka."

Stella anakhala pansi. "Ndiye masabata onsewa mwakhala mukumasula njinga yopanda vuto."

"Tsopano ili nalo. Pisitoni yakalika."

Kenako Sabina anakankhira lichero pambali.

"Chabwino, talakwa," anatero. "Thumba tilitaya. Ndiye Lachinayi tikafike kwa amayi aja ngati oumba njerwa? Inu bambo Mukhiwa mumavala ovololo, matope mumawaona ngati abale anu. Munachapapo bulauzi yoyera inu?"

"Sindinachapepo."

"Azungu anu anaiganizira bwino njingayi, sindikukana. Koma anaiganizira bwana wovala magambuti. Mayi wa Mvano sanamuganizire."

A Mukhiwa anavundukula kapu n'kumwa tiyi. Anali akadali wotentha kwambiri. Anamwa theka asanayankhe.

"Mundipatse nsapato imodzi ya aliyense," anatero. "Ndi siketi ya yunifomu. Ndikufuna muyezo."

Lamlungu sanagwire ntchito. Lolemba pa 23 anayamba ndi pisitoni. Anasalaza mizere iwiri ija ndi tupa yosalala, kenako ndi sandipepa wonyowetsa m'palafini. Wachitatu anangouchotsa makwinya, pakuti kuutsata mpaka pansi kukanadya pisitoni. Anapukuta m'kati mwa silinda. Pansi pa bokosi la masipanala panali kachitini ka fodya, ndipo m'menemo, m'girizi, munali maringi atatu atsopano amene anawasunga kuyambira 1989. Anali otsiriza. Anawaveka mosamala ndi zala zokha, namanga injini, namangitsa manati a mutu modumphitsa, pang'onopang'ono, kuzungulira katatu.

Lachiwiri anachita chimene analetsa mwana wawo zaka zisanu zapitazo. Anali ndi chidutswa cha lamba wakale wa ku fakitale ya tiyi, amene ankapondapo pakhomo la bafa. Anadulako kagawo n'kukamangirira kumunsi kwa madigadi akutsogolo kuti katsike mpaka kutsala zala zinayi kufika pansi. Kenako anatenga lata lotsala pofolera khitchini, nadula mapepala awiri, lililonse kutalika kuchokera pa nsapato mpaka pa bondo la Stella. Anapinda m'mphepete kuti asacheke munthu. Anawamanga pa chitsulo chotchinjiriza miyendo, limodzi kumanja, lina kumanzere, pakati n'kusiya pululu, kuti silinda yonse izioneka munthu ataima kutsogolo. Sanawaimike mowongoka. Anawapendeketsa kuti mbali yakunja itsogole, yam'kati itsalire, mphepo ikawamenya izitsetserekera ku injini. Anayesa ndi utsi wa chisononkho ndi lichero, akukupiza kuchokera kutsogolo. Utsi unalowa m'zipsepse. Anawapaka penti yakuda.

Lachitatu Stella anabwera kudzaitenga. Anaizungulira kawiri.

"Ababa, mwaipachika kanthu."

"Ndaona."

Anamuuza kuti ayende nayo pang'onopang'ono pa tala, kupita ku Thuchila ndi kubwera kanayi, kuti maringi akhazikike. Mvula inayamba masana ndipo inagwa mpaka madzulo. A Mukhiwa anagona ku Thuchila.

Lachinayi pa 26 Febuluwale, kutangocha, McDonald anatulutsa njinga yakapalasa ya ku golosale, yonyamulira makatoni a sopo, n'kuika pilo pa kaliyala. Anati sangalole kumva nkhaniyo kwa ena. Anawabereka apongozi ake, pokwera n'kumakankha, a Mukhiwa akutsimphina pambuyo. Anafika pa mbawa 8:20, McDonald ali thukuta lokhalokha. Pansi pa mtengowo panali miyala iwiri yosalala imene Stella ndi Sabina ankakhalapo podikira. Anakhala pomwepo.

"Bambo, ikazima musadandaule," anatero McDonald. "Mwayesetsa. Lole ndikakambirana nayo ndine, inu simudzaona."

A Mukhiwa anayang'ana wotchi.

Anaimva 8:47, isanaoneke. Inali kumunsi, kuseri kwa munda wa nanazi, ikugunda kamodzikamodzi ngati munthu wosinja yekha. Anamva Stella akutsitsa giya pa mlatho wamatabwa, kenako akutsitsanso poyambira chikweza. Anatseka maso. Ankadikira kaphokoso kena kamene kamabwera injini ikayamba kupsa, kolira ngati timiyala m'chitini. Kugunda kunakula. Kaphokosoko sikanabwere.

Njinga inatulukira pokhota 8:52. Malata anali ofiira ndi matope, lamba uja akudontha. Pamwamba pake panali mabulauzi awiri oyera. Stella anali maso kutsogolo, manja ali gwa, sanawayang'ane n'komwe. Sabina anatukula phazi limodzi kuwaonetsa nsapato.

"Tikakuyimbirani kumtunda, a Angilikani," anafuula akudutsa, pomubwezera McDonald nthabwala yake ija.

Njinga inapitirira mbawa, kupitirira chulu chimene chili patsogolo pake, n'kukhota. A Mukhiwa anakhalabe pamwala akumvetsera mpaka kugundako kutasintha, Stella atakweza giya pamwamba pa chikweza. Pamenepo anatsegula kabuku n'kulemba nthawi.

McDonald anali ataimirira pakati pa msewu, chipewa chili m'manja. "Yatembenuka mtima," anatero. "Pa ukalamba pomwe."

Makilomita awiri otsalawo anawatengera mphindi makumi anayi. Atafika anapeza njinga itaimikidwa pansi pa khonde la tchalitchi, m'kati amayi akuimba, mawu a Sabina ali pamwamba pa onse. A Mukhiwa anatulutsa sipanala m'thumba la jekete n'kumasula pulagi. Nsonga yake inali ya mtundu wa tiyi wamkaka. Anamuonetsa McDonald, amene anavomera mwamphamvu ngakhale sanadziwe chimene akuona.

Mapemphero atatha amayi anatuluka n'kuzungulira njinga. Mayi wachikulire uja, amene ananena za njerwa, anagwira mkono wa bulauzi ya Stella n'kuutembenuza, nayang'ananso nsapato.

"Lero mwabwera pa ndege?" anafunsa.

"Pa njinga yomwe ija, amayi," anatero Stella. "Awa ndi bambo anga. Ndiwo anaitulutsa m'bokosi mu 1967."

Mayiyo anawayang'ana a Mukhiwa, mathalauza awo ofiira, sipanala ili m'manja. Anatuma mayi wina kukatenga mpando wa abusa m'tchalitchi. A Mukhiwa anakana kawiri, kachitatu anakhala. Amayi atatu amene amuna awo ali ndi njinga zamoto anafunsa ngati malata otere angapezeke. A Mukhiwa anati angapezeke, koma aliyense abwere ndi njinga yake, chifukwa muyezo wa njinga ina sugwira pa ina, ndipo aliyense amene wamanga thumba alimasule lero lomwe.

Loweruka pa 28 lole ya zitsulo inaima pa Nkando 10 koloko. A Mukhiwa anapita kukaiona. Anthu anabweretsa masipuling'i a bedi, pulawo yothyoka, miphika yobooka. McDonald anabweretsa wilibala yopanda wilo, akuti popeza anawalonjeza chitsulo sangawabweze chimanjamanja. Mmodzi wa anthu a loleyo anafunsa za njinga yakale ija anamva kuti ikubwera. McDonald anati ili kotanganidwa. Lole inanyamuka 11:15 kulowera ku Limbe.

Madzulo a tsikulo a Mukhiwa anamuuza Stella zimene sananene pamaso pa amayi. Mzere wachitatu uja udakali pa pisitoni. M'kachitini ka fodya mulibenso maringi. Akaisamala, osaithamangitsa, n'kumasintha oyilo mwezi ndi mwezi, ikhoza kutha chaka, mwina ziwiri. Kupitirira apo pafunika pisitoni ina, ndipo m'masitolo a ku Limbe anasiya kuzidziwa kalekale.

Pa Nkando pali dalaivala wa thiraki dzina lake Lyson, amene amadutsa pa Muloza kukatenga katundu ku Mozambique. Iyeyu anati anaonapo njinga yofanana ndi imeneyi ku Gurue, itatsamira khoma kuseri kwa fakitale ina ya tiyi, udzu utamera m'masipoko. Sanadziwe ngati ili ndi injini m'kati mwake kapena mwini wake ndani. A Mukhiwa anamulembera papepala muyezo wa pisitoni ndi nambala ya injini, namupatsanso ringi imodzi yakale kuti akayerekeze. Lyson ananyamuka Lachiwiri pa 3 Malichi, akuti abwera pakatha masiku khumi.

Njinga inakwera Nakhonyo pa 5, pa 12, pa 19 ndi pa 26 Malichi, masiku atatu mwa anayiwo m'matope. Pofika pa 31 Malichi, Lyson anali asanabwere.